Gemu ikamachita chibwibwi: kodi purosesa yakalamba kapena ikungonamiziridwa?

Kompyuta ya magemu ikayamba kufooka, woyamba kulozedwa chala amakhala purosesa. Mwini wake amakhala atagula khadi la zithunzi lamphamvuko n'kuliika m'malo mwa lakale, koma gemu n'kumayendabe mwaulesi, mwinanso kumachita chibwibwi pa nthawi yeniyeni imene nkhondo yafika pachimake. Akapita nayo kwa okonza, chigamulo chimaperekedwa bokosi lisanatsegulidwe n'komwe: “Purosesa yanuyi yatha, bwana, ikukanika kukoka khadili.” Nthawi zina amakhala akunena zoona. Chodandaulitsa n'chakuti umboni umene amaimapo umakhala chaka chimene purosesayo inapangidwa basi. Purosesa ya Intel Core i5-2500K, imene inatuluka mu Januwale 2011, kapena mng'ono wake i5-3470 wa 2012 amene amapezeka m'makompyuta a Dell OptiPlex ochotsedwa m'maofesi akunja n'kudzagulitsidwa kuno ngati kaunjika, ikhoza kukhala chopinga chachikulu m'gemu ina, n'kukhala yosalakwa m'gemu inzake, pa kompyuta yomweyo tsiku lomwelo. Mlanduwu uli ndi funso limodzi lokha: pakati pa purosesa ndi khadi la zithunzi, ndani akudikira mnzake? Funsoli limayankhidwa poyesa, ndipo kuyesako sikufuna ndalama ngakhale tambala.

Tiyambe ndi mmene chithunzi chimodzi chimabadwira. Zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zongoima zosinthana mofulumira, ndipo chilichonse chimadutsa mwa antchito awiri. Purosesa ndiyo imayamba. Imamva batani limene wosewera wadina, imawerengera pamene chipolopolo chafika, chimene mdani aliyense achite, mmene galimoto yawombera khoma, kenako imatumiza malangizo kwa khadi la zithunzi akuti jambula mtengo uwu apa, munthu uyu apo, ndi mthunzi wake womwe. Khadilo likalandira malangizo limadzaza timadontho tonse ta pa sikirini ndi mitundu yake. Gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imapatsa aliyense wa awiriwa mamilisekondi 16.7 okha kuti amalize gawo lake. Pa zithunzi 30 nthawiyo imakhala 33.3, ndipo pa zithunzi 144 imatsika kufika 6.9. Awiriwa amagwira ntchito ngati mmisiri womanga nyumba ndi mnyamata wosakaniza matope: mmisiri akamayala njerwa ndi matope amene wapatsidwa, mnyamata amakhala akusakaniza ena, ndipo khoma limakwera pa liwiro la amene akuchedwa. Purosesa ikamatenga mamilisekondi 25 kukonza chithunzi, ngakhale khadi litamaliza mbali yake m'mamilisekondi 8, zithunzi sizingapitirire 40 pa sekondi, ndipo khadi lija limakhala manja lende mamilisekondi 17 pa chithunzi chilichonse. Kulemba mmisiri wina wachangu kuposa woyambayo sikungawonjezere khoma ngakhale mzere umodzi wa njerwa. Zimenezi ndi zimene odziwa makompyuta amazitcha bottleneck, pofanizira ndi khosi la botolo limene limachepetsa madzi otuluka. Dziwani pano kuti palibe kompyuta yopanda wochedwa. Pa awiri oyenda limodzi, mmodzi amatsalirabe, ndipo pa magemu chabwino n'chakuti wotsalirayo akhale khadi la zithunzi, chifukwa ntchito ya khadi ndi yosavuta kuichepetsa.

Ambiri akafuna umboni amathamangira ku Task Manager ya Windows, n'kuona kuti purosesa ikugwira ntchito pa 45 peresenti yokha, n'kuimasula kuti ilibe mlandu. Nambala imeneyi yasocheretsa anthu ochuluka. Purosesa ili ndi ma core angapo, tingoti antchito angapo m'nyumba imodzi, ndipo peresenti ya Task Manager ndi avereji ya onsewo. Koma ntchito ya gemu sigawika mofanana ngati mizere ya m'munda. Pali ntchito imene iyenera kuchitika motsatana, ichi chikatha icho n'kuyamba, chifukwa sungadziwe ngati chipolopolo chamulasa munthu usanadziwe pamene munthuyo waima. Ntchito yotereyi imayenda mumzere umodzi, umene opanga magemu amautcha main thread, ndipo mzere umodzi sungathamange pa ma core awiri nthawi imodzi. Pa purosesa ya ma core anayi, core imodzi ikadzaza zinzake zitatu zikungokhala, Task Manager imaonetsa 25 peresenti. Pa Core i7 ya ma thread 8 kapena AMD FX-8350 ya 2012 imaonetsa 12.5 peresenti, chikhalirecho gemu yafika kale pa malire ake. Ngakhale kuyang'ana core iliyonse payokha sikumaliza nkhani, chifukwa Windows imasamutsasamutsa mzere uja kuchoka pa core iyi kupita pa iyo, kotero kuti zonse zimaoneka ngati zikugwira ntchito mopumira. Katswiri wa makompyuta Gene Amdahl anafotokoza zimenezi kale mu 1967: ngati theka la ntchito silingagawidwe, ngakhale mutalemba antchito 1,000, liwiro silingapose kuwirikiza kawiri. Gemu ya Microsoft Flight Simulator ya 2020 ili ndi kabokosi kosonyeza liwiro kamene kamalemba poyera kuti “Limited by MainThread”, ndipo eni mapurosesa a ma core ochuluka amawaona mawu amenewa purosesa yawo ikuoneka ngati ili pa tchuthi.

Mboni yodalirika pa mlandu wa purosesa ndi khadi la zithunzi, chifukwa ndilo limamva kuchedwa kwa mnzake. Pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner, imene imabwera pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server, imalemba manambala pakona ya sikirini gemu ili mkati: peresenti ya khadi, kutentha, liwiro la purosesa, RAM imene yadzaza, ndi zithunzi pa sekondi. Khadi likamakhala pakati pa 95 ndi 99 peresenti osatsika, ndiye kuti likulandira ntchito yokwanira ndipo malire ali pa ilo, ngakhale purosesa itamaoneka kuti ili pa 90 peresenti. Koma likamayendayenda pa 60 kapena 70, ndiye kuti likudikira winawake. Mu Ogasiti 2023 kampani ya Intel inawonjezera muyeso wotchedwa GPU Busy ku pulogalamu yake ya PresentMon, umene umanena mamilisekondi enieni amene khadi linagwira ntchito pa chithunzi chilichonse. Chithunzi chikatenga mamilisekondi 25 pamene GPU Busy ikunena 8, kusiyanako ndiyo nthawi imene mmisiri anangoima. Pamenepa pali msampha umodzi wokola anthu tsiku ndi tsiku. V-Sync ikakhala yoyatsa, kapena gemu ikaikidwa malire a zithunzi 60, khadi lamphamvu limamaliza ntchito msanga n'kumadikira sikirini, ndipo peresenti yake imatsika popanda wolakwa aliyense. Malire onse otere ayenera kuzimitsidwa kuyesa kusanayambe.

Kuyesa kwenikweni n'kophweka moti ena amakuderera. Sikirini ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, pamene ya 1280 × 720 ili ndi 921,600, osafika n'theka lomwe. Kutsitsa gemu kuchoka pa 1080p kufika pa 720p kumachotsa katundu wambiri pamutu pa khadi la zithunzi, koma purosesa imatsala ndi wake yense, chifukwa adani akadali omwewo, magalimoto omwewo, malangizo omwewo. Tiyerekeze kuti gemu imayenda pa zithunzi 48 pa 1080p. Ikatsitsidwa n'kudumpha kufika pa 85, amene amachedwetsa anali khadi, ndipo purosesa yadzionetsa kuti ikhoza kukonza zithunzi 85 pa sekondi. Kuigulira ina kukanakhala kutaya ndalama. Koma ikatsitsidwa n'kungofika pa 50, chithunzi chitaipa chonchi popanda phindu, khadi lilibe mlandu. Lapepukidwa koma silinathamange, kusonyeza kuti chimene chikuligwira mwendo chili kwina. Njira za DLSS ya Nvidia ndi FSR ya AMD, zimene zimajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa, zimachita zomwezi mwakachetechete, n'chifukwa chake munthu amene purosesa yake yafika pa malire amaziyatsa n'kudabwa kuti palibe chasintha.

Kuyesaku kumafuna kuti pasinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, pamalo amodzimodzi m'gemu, ndipo malowo akhale olemera. Mu The Witcher 3 ya 2015, kuyenda pa hatchi m'thengo n'kosiyana kwambiri ndi kulowa mumzinda wa Novigrad mmene muli khwimbi la anthu, aliyense ndi kayendedwe kake koti purosesa iwerengere. Mu Battlefield V ya 2018, nkhani yosewera wekha ndi yopepuka poyerekeza ndi nkhondo ya pa intaneti ya anthu 64, nyumba zikugumuka uku ndi uku. Woyesera m'thengo adzaimasula purosesa imene ikanagwidwa mumzinda. Ndiponso si zosankha zonse za m'gemu zimene zili za khadi. Kuchuluka kwa anthu ndi magalimoto mumsewu, mtunda umene zinthu zimaonekera, ngakhalenso mithunzi m'magemu ena, zimawonjezera ntchito ya purosesa. Amene angotsitsa zonse pamodzi kufika pa “Low” amapeputsa onse awiri nthawi imodzi, ndipo liwiro likakwera sadziwa kuti athokoze ndani.

Komabe nambala ya zithunzi pa sekondi nayo ili ndi bodza lake. Mu Sepitembala 2011 mtolankhani wa zamakompyuta Scott Wasson, polemba mu The Tech Report, anaonetsa kuti avereji ya pa sekondi imabisa zimene diso limaona, ndipo anayamba kuyeza nthawi ya chithunzi chilichonse pachokha. Masamu ake aliyense angawachite. Zithunzi 59 zikatenga mamilisekondi 15 chilichonse, chimodzi n'kutenga 115, zonse pamodzi zimakwana sekondi imodzi, ndipo kauntala imalemba monyadira kuti 60. Koma wosewera waona gemu itaima kwa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo ngati zikuchitika sekondi iliyonse, gemuyo ndi yosaseweredwa. Apa ndi pamene mapurosesa akale a ma core anayi amayambira kuonetsa ukalamba. Avereji imakhalabe yooneka bwino, koma ma core onse akadzaza, kantchito kalikonse kadzidzidzi, kaya bomba laphulika, kaya dera latsopano likutsegulidwa, kaya Windows yafuna kuchita zake, kamasowa poikidwa ndipo chithunzi chimodzi chimachedwa kwambiri. RivaTuner imatha kujambula nthawi zimenezi ngati mzere woyenda pa sikirini. Mzere wosalala ndi gemu yathanzi; mzere wa minga yotumphuka pafupipafupi, khadi likutsika peresenti pa munga uliwonse, ndi chibwibwi chija chitagwidwa poyera. Muyeso wotchedwa 1% low, umene umanena za zithunzi zochedwetsetsa, umathandiza kuposa avereji pa kompyuta yakale.

Wina anganene kuti kuyesa konseku n'kuzungulira chabe, chifukwa aliyense akudziwa kuti purosesa ya 2011 singalimbane ndi magemu a lero. Mawuwa ali ndi maziko, ndipo mbiri ikuwaikira kumbuyo. Kuyambira 2011 mpaka kumayambiriro kwa 2017, ma Core i5 ambiri a makompyuta a pa desiki anali ndi ma core anayi, ndipo m'badwo uliwonse unkaposa unzake pang'ono chabe. Pa nthawi yomweyo PlayStation 4 ndi Xbox One, zimene zinatuluka mu Novembala 2013, zinali ndi ma core 8 ofooka a AMD Jaguar, oyenda pa 1.6 GHz ndi 1.75 GHz. Popeza magemu akuluakulu amapangidwa kuti ayende pa makina amenewa, i5-2500K ya 3.3 GHz inakhala zaka zambiri ikuyenda mopanda thukuta, ndipo n'chifukwa chake inatchuka kuti siikalamba. Zinthu zinatembenuka mu 2017: mu Malichi AMD inatulutsa Ryzen 7 ya ma core 8, ndipo mu Okutobala Intel inayankha ndi i5-8400 ya ma core 6. Pofika Novembala 2020, PlayStation 5 ndi Xbox Series X zinabwera ndi ma core 8 amphamvu a Zen 2 othamanga kuposa 3 GHz, ndipo opanga magemu anayamba kuwerengera mphamvu imeneyo ngati chinthu chimene aliyense ali nacho. Palinso khoma limene kuyesa kulikonse sikungaligwetse. Malangizo a AVX2 anayamba ndi mapurosesa a Haswell mu 2013, ndipo gemu imene ikufuna AVX2 siitseguka n'komwe pa i5-2500K kapena i5-3470.

Zonsezi n'zoona, koma zikungotiuza kuti purosesa yakale ndi yokayikitsa, sizikutiuza ngati ndiyo yalakwa pa kompyuta iyi, m'gemu iyi. Anthu ambiri sasewera magemu a chaka chino okha. Amene amasewera GTA V, imene inafika pa makompyuta mu Epulo 2015, pa sikirini ya zithunzi 60 ndi khadi la GTX 1050 Ti, akhoza kupeza kuti khadi ndilo likudzaza nthawi zambiri. Amene ali ndi purosesa yomweyo koma akufuna zithunzi 144 m'gemu yowomberana pa intaneti akupempha purosesa kuti imalize zonse m'mamilisekondi 6.9, ndipo ikhoza kugonja ngakhale gemuyo itaoneka yopepuka. Kuchedwa kumasuntha malinga ndi gemu, malo a m'gemu, kukula kwa chithunzi ndi liwiro limene munthu akufuna. N'chifukwa chake masamba a pa intaneti amene amalandira dzina la purosesa ndi la khadi n'kulavula yankho lonena kuti pali bottleneck ya maperesenti akutiakuti ayenera kuonedwa ngati maula. Sanaione kompyuta yanu, sadziwa gemu yanu, ndipo nambala imodzi singaimire chinthu chimene chimasintha munthu akangokhota ngodya mumzinda wa Novigrad.

Chitsutso chachiwiri ndicho cholimba, ndipo chiyenera kuvomerezedwa mosabisa. Kutsitsa gemu kufika pa 720p kumatsimikiza kuti khadi la zithunzi silolakwa, koma sikutsimikiza kuti purosesa ndiyo yolakwa. Pali zinthu zingapo zimene zimavala nkhope ya purosesa yokalamba, ndipo choyamba ndi kutentha. Purosesa ya Intel ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kompyuta ya zaka khumi imene sinatsegulidwepo imakhala ndi fumbi lomatana ngati bulangete pakati pa fani ndi timipata ta chitsulo choziziritsira, ndipo thermal paste, kaphala kotuwa kamene kamakhala pakati pa purosesa ndi chitsulocho, imakhala itauma n'kumanyenyeka ngati dothi. Kwathu kuno fumbi la chilimwe ndi kutentha kwa Okutobala, kumene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumapitirira madigiri 40, zimakulitsa vutoli, chifukwa fani singaziziritse bwino purosesa ndi mpweya umene ndi wotentha kale. Chizindikiro chake n'chodziwika: gemu imayamba bwino, pakapita mphindi khumi kapena kuposerapo n'kuyamba kulemera. Purosesa yochepa mphamvu imachedwa kuyambira mphindi yoyamba, pamene yotentha imachita kufooka pang'onopang'ono. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa kutentha ndi liwiro pamodzi, ndipo i5-3470 imene iyenera kuyenda pa 3.2 GHz kapena kuposa ikapezeka itatsika kwambiri gemu ili mkati, mankhwala ake ndi burashi, mpweya wouzira ndi thermal paste yatsopano.

Wachiwiri wovala nkhope ya purosesa ndi RAM, ndipo imanamiza m'njira ziwiri. Makompyuta ambiri ochokera m'maofesi amabwera ndi kandodo kamodzi ka RAM, pamene purosesa inapangidwa kuti izitunga m'njira ziwiri nthawi imodzi. Kandodo kamodzi ka DDR3-1600 kamapititsa 12.8 GB pa sekondi. Tiwiri toikidwa m'mipata yoyenera timapititsa 25.6 GB. Purosesa yodikira RAM imaoneka yotanganidwa pa Task Manager ngakhale ikungodikira, ndipo kandodo kachiwiri kotsika mtengo kakhoza kuchotsa minga yambiri pa mzere wa RivaTuner uja. Njira ina ndi kuchepa kwa RAM yeniyeniyo. Kompyuta ya 8 GB ikadzaza, Windows imayamba kusungira zinthu pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi hard disk yozungulira, gemu imaima masekondi athunthu kanyali ka disiki kakuphethira mosalekeza. Khadi la zithunzi nalo lili ndi nkhokwe yake. GTX 1060 ya 2016 inatuluka ya 6 GB ndi ya 3 GB, ndipo ya 3 GB ikasefukira, peresenti ya khadi imagwa ngati likudikira purosesa, chikhalirecho likudikira katundu wake yemwe. Kutsitsa ma texture kumaulula zimenezi nthawi yomweyo. Otsalawo ndi osavuta kuwagwira: Chrome yotsegulidwa masamba ambirimbiri, antivirus imene yasankha kufufuza pa nthawi ya gemu, Windows Update, kapena intaneti yochedwa imene imadumphitsa osewera anzanu pamene zithunzi zikuyenda bwinobwino. Magemu ena atsopano amachita chibwibwi koyamba kokha pamene chinthu chikuoneka, chifukwa akukonza ma shader, ndipo mukadutsanso pamalo pomwepo amayenda myaa.

Onsewa akachotsedwa, pali kuyesa komaliza kumene kumafunsa purosesa yeniyeniyo. Liwiro lake lisinthidwe dala, n'kuona ngati gemu itsatira. Pa i5-2500K ndi anzake okhala ndi chilembo K, pa motherboard yolola, liwiro likhoza kukwezedwa, ndipo ambiri ankaifikitsa pafupi ndi 4.5 GHz ndi choziziritsira chabwino. Pa makompyuta a m'maofesi kukweza n'kosatheka, koma kutsitsa n'kotheka: mu Power Options ya Windows muli malo otchedwa Maximum processor state, ndipo kuika 70 peresenti kumaichedwetsa purosesa. Zithunzi zikatsika pafupifupi mofanana ndi mmene liwiro latsikira, purosesa ndiyo inkalamula gemuyo. Zikangogwedezeka pang'ono, purosesa inali ndi mphamvu yotsala ndipo wolakwa akadali kwina. Mukatha musaiwale kubwezera pa 100. Makompyuta ena amene eni ake amadandaula kuti akalamba amakhala kuti anaikidwa kalekale pa Power saver ndi munthu amene anaiwala.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji chonchi m'malo mongogula purosesa yatsopano. Yankho lili pa socket, mpando umene purosesa imakhalapo. Ma i5 a 2011 ndi 2012 amakhala pa LGA 1155 ndipo amagwiritsa ntchito DDR3, pamene purosesa ya masiku ano imafuna motherboard ina ndi RAM ya DDR4 kapena DDR5. Walira mvula walira matope: wofuna purosesa yatsopano wagula zinthu zitatu, ndipo pa OptiPlex mwinanso zisanu, chifukwa bokosi lake ndi power supply yake yosafika mawati 300 sizinapangidwire zida zina. Njira yapakati ilipo. Core i7-3770 imakhala pa LGA 1155 yomweyo ndipo ili ndi ma thread 8, amene amathandiza kwambiri pa chibwibwi cha magemu odzaza ma core anayi, ngakhale sasintha zambiri pa gemu yomangika pa main thread. Kuyesa kuja ndiko kumakuuzani kuti vuto lanu ndi liti mwa awiriwa, komanso muyenera kutsimikiza kuti motherboard ndi BIOS yake zikuilandira. Amene ali pa socket ya AM4 ya AMD ali ndi mwayi woposa, chifukwa ma motherboard ambiri a 2017 amalandira Ryzen 5 5600 kapena Ryzen 7 5800X3D za 2022 BIOS ikangosinthidwa. Koma pa LGA 1155 ndalama zisachuluke. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11 umayambira pa m'badwo wa 8 wa Intel. Kugula i7 yakaunjika pa mtengo wotsika n'kwanzeru. Kuigula pa mtengo woyandikira motherboard yatsopano n'kumanga khonde pa nyumba yoti igwetsedwa.

Ngakhale purosesa itapezeka yolakwa, chilango chake sichiyenera kukhala kutayidwa nthawi yomweyo. Kuika malire a zithunzi pansi pang'ono pa pamene purosesa imafika, tinene 45 kapena 40 pa gemu imene imayendayenda pakati pa 48 ndi 60, kumaisiyira mpata wolandira ntchito zadzidzidzi, ndipo zithunzi 40 zobwera mofanana zimakoma m'maso kuposa 55 zodumphadumpha. Kuchepetsa khwimbi la anthu ndi mtunda woonekera kumaipeputsa mwachindunji. M'magemu olola kusankha, DirectX 12 ya 2015 kapena Vulkan ya 2016 zimagawa ntchito yotumiza malangizo pa ma core ambiri kuposa DirectX 11, ngakhale si gemu iliyonse imene imapindula, kotero nazonso n'zofunika kuyesa. Ndipo popeza khadi likungokhala, chithunzi chikhoza kukongoletsedwa, ngakhale kukwezedwa kufika pa 1440p ngati sikirini ikulola, popanda kutaya liwiro.

Phindu lalikulu la kuyesa kwa 720p limaonekera pa tsiku logula. Nambala imene gemu imafika khadi litapepukidwa kotheratu ndiyo denga la kompyuta yanu, ndipo khadi latsopano, kaya ndi lodula chotani, silingaboole dengalo. Lingalisunthe pang'ono chabe, chifukwa ma driver a makampani osiyana amadya mphamvu ya purosesa mosiyana, monga oyesa zida a Hardware Unboxed anaonetsera mu 2021 pa makhadi a Nvidia ndi AMD ophatikizidwa ndi mapurosesa ofooka. Choncho musanatulutse ndalama kwa wogulitsa makhadi, pukutani fumbi, ikani kandodo kachiwiri ka RAM, zimitsani V-Sync, tsitsani gemu yanu kufika pa 720p, mupite pamalo olemetsetsa, muwerenge nambala. Ikakhala 90, gulani khadilo. Ikakhala 50, khadi latsopanolo lidzakupatsani 50 yomweyo.